Ku Likoma nthawi ya mwera, kupita pa Ilala kubwerera pa boti la matabwa

Lamlungu, Nkhata Bay

Ndafika ku Nkhata Bay cha m'ma 4 madzulo pa minibasi yochokera ku Mzuzu, miyendo ili dzanzi chifukwa batire yomwe ndanyamula ndinaikhazika pamapazi njira yonse, kondakitala amafuna aiponye kumbuyo pansi pa matumba a mbatata ine ndinakana. Batire imeneyi ndi mababu ake ndi za amalume ku Likoma, ali ndi chilimira, ukonde waukulu wophera usipa, ndipo akhala akudandaula kuti nyali zawo zikumazima ntchito ili mkati. Nde poti ndili pa holide ndinati bola ndikapereke ndekha, ndikaoneko kwawo kwa mayi.

Nyanja yake lero si yojambulitsa ayi. Mkati mwa doko muno madzi angoti phee, ana akusambira, azimayi akuchapa, koma mukaponya maso kunja uko mukuona thovu loyera pamwamba pa mafunde mpaka kumene maso alekezera. Ndi mwera. July uno ndi nyengo yake yeniyeni, mphepo imachokera kummwera nkuyenda mtunda wonse wa nyanja, makilomita oposa 500 popanda phiri loitchinga, nde ikamafika kumpoto kuno imakhala itakusa madzi oti boti laling'ono limabisika pakati pa funde ndi funde. A zanyengo atulutsa kale chenjezo lawo lija loti asodzi ndi oyenda pa nyanja asamale, ndaliona pa WhatsApp, koma pagombe pano anyamata akumangirira maukonde ngati sanamve kanthu. Ndinafunsa mmodzi kuti simukuopa, anangoti "bwana, tikaopa mwera tidya chani mpaka September."

Ndadya kondowole wa batala, ndagona.

Lolemba, pa jeti

Tsiku lonse latha nkudikira. Sitima ya Ilala ikamachokera kumpoto imanyamuka pano usiku, nde anthu amayamba kusonkhana masana, matumba a chimanga, simenti, malata, makireti, njinga, mpaka sofa. Ndinakhala pafupi ndi madala ena a ku chilumba cha Chizumulu omwe amachokera kuchipatala ku Mzuzu, macheza anayamba ndi mtengo wa ufa nkukathera ku Vipya. Achinyamata ambiri dzina limeneli amangolidziwa ngati la mapiri, koma inaliko sitima yotchedwa Vipya yomwe inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba, kale ankati Florence Bay, anthu 145 anatsala mmadzi. Madalawo akuti "mwana wanga, imene ija inali yachitsulo, yatsopano, yoyendetsa azungu, mwezi wake uno womwewu. Nanga iwe ndi thabwa lako ukuti ndiwe ndani." Ndinaseka koma mawuwo anandikhala.

Ilala inamangidwa ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa nkuilumikiza konkuno, inayamba kuyenda mu 1951. Ndi gogo ndithu koma ukakweramo usiku umaona kusiyana kwake ndi maboti ena onse apa, ili ndi magetsi oti aliyense aione patali, ili ndi wailesi yolankhulirana ndi kumtunda, ili ndi maboti opulumutsira opachikidwa mmbali, ndipo oyendetsa ake anachita kupita kusukulu ya zimenezi. Tanyamuka mdima utagwa kale. Titangotuluka mdoko inayamba kuvina, mayi wina pafupi nane anasanza mchitenje, ine ndinakwera pamwamba kukapuma mphepo.

Kumeneko ndi kumene ndinaziona nyali za asodzi zija. Mzere wautali, mbuu, ungati kuli tauni pakati pa madzi. Amati David Livingstone atafika pa nyanjayi mu 1859 anaitcha nyanja ya nyenyezi chifukwa cha miyuni ya asodzi, ndipo alendo amazikonda zimenezi, panali azungu awiri akujambula ndi mafoni. Ine chomwe chinandibwerera nchoti pansi pa nyali iliyonse pali munthu wakhala mu bwato losema, mphepo yomweyi ikutigwedeza ife mu sitima yachitsulo ikumumenya iyeyo.

Lachiwiri, Likoma

Pa Chizumulu tinafika pakati pa usiku. Sitima imaima patali ndi gombe, otsika amalowa mmaboti ang'onoang'ono, nde tangoganizani mdima uli bii, boti likukwera nkutsika ndi funde, munthu akuyenera kuponda nthawi yeniyeni imene lakwera, kumbuyo ali ndi mwana, mmanja chidebe. Anyamata ogwira ntchitoyi ndi akatswiri, amamugwira munthu mkhwapa nkumukhazika asanazindikire nkomwe. Madala anga aja anatsika bwinobwino, anachita kundikuwira kuti ndikapereke moni kwa amalume ngakhale sakuwadziwa kkkk.

Ku Likoma tafika kutacha. Amalume anabwera ndi anyamata awo awiri kudzanyamula batire, sanafunse nkomwe za ulendo, funso loyamba linali loti ndi ya ma ampu angati. Masana ndinazungulira pang'ono, ndinalowa mu tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe a Anglican anayamba kumanga mu 1903, chachikulu zedi poyerekeza ndi chilumbacho, milambe paliponse, ndipo mapiri a Mozambique ali pafupi moti foni yanga inangosamukira ku netiweki ya kumeneko yokha. Zambiri za chilumba ndidzalemba padera, panopa tulo.

Lachitatu, pagombe la amalume

Lero ndaphunzira zinthu. Ndakhala pamchenga kuyambira masana pamene amasoka chilimira mpaka pamene amanyamuka dzuwa likulowa, ndipo ndimafunsa mafunso mpaka anyamata anayamba kunditcha mtolankhani.

Usodzi wa usipa wa usiku amautcha kauni. Boti la injini limatenga anthu ndi ukonde ndi mabwato, akafika pamalo amatsitsa munthu mmodzi mu bwato lake yekha, ameneyu ndiye siginala. Kumbuyo kwa bwatolo kuli thabwa lopingasa pomwe amamangirira nyali, kale zinali za parafini zopopa zija, pano ambiri ndi mababu a batire ngati ndabweretsawa. Usipa umatsata kuwala, ukasonkhana siginala amakuwa, enawo nkuzinga ndi chilimira nkukoka. Ndiye chinthu chomwe sindimachiganizira nchoti ntchitoyi imafuna mdima weniweni. Mwezi ukawala kwambiri usipa sulabadira nyali, asodzi amapuma, amakonza maukonde, ena amakamwa. Kutanthauza kuti masiku amene pa nyanja pali anthu ambiri ndi omwewo amene munthu sungaone dzanja lako.

Siginala wa amalume ndi bambo wamfupi wosalankhulalankhula, koma atayamba kufotokoza ndinangoti kukamwa yasa. Akuti ukakhala pakati pa nyali zako umaona madzi okuzungulira mamita ochepa basi, kupitirira apo ndi khoma lakuda, maso ako adzadza kuwala. Funde sulionera patali, umalimva likubwera, ndipo ukalimva ndiye kuti lafika. Masana mwera ukamadzuka umaoneka, madzi amada chakummwera, mzere wakuda umayenda kubwera kwa iwe ndipo umakhala ndi mpata wopalasa kuthawira kuseri kwa chilumba. Usiku chizindikiro chake ndi kuzizira kodzidzimutsa pakhosi ndi nyenyezi zikayamba kubisika mbali imodzi, basi. Akuti chinanso choopsa ndi anzawo omwe, maboti a injini othamanga opanda nyali olo imodzi, woyendetsa akuona mababu koma sakuona mabwato ena amene akhala mumdima pambali kudikira kukoka. Anandionetsa chipsera pa mwendo, mphuno ya boti inamupeza chomwecho.

Ndinafunsa za ma laifi jaketi, anyamata anaseka. Ena akuti amalepheretsa kukoka ukonde, ena akuti ndi odula, wina anati ife tinabadwira mmadzi. Amalume sanaseke nawo, anati odziwa kusambira ndi amene nyanja imatenga, chifukwa boti likagubuduzika amalisiya nkuyamba kusambira kulowera komwe akuganiza kuti ndi kumtunda, pamene usiku mtunda sudziwika uli mbali iti, wosatha kusambira amakakamira thabwa mpaka kucha nkupezeka. Injini ikafa nayo ndi nkhani ina, mphepo imakutenga usiku wonse, kukacha uli pakati sukuona dziko mbali zonse, ndipo akuti alipo a pachilumba pano amene anakatsikira ku Mozambique ndi ku Tanzania abale atayamba kale kukonza za maliro. Kumtunda kumagombe a mitsinje amawonjezera mvuu ndi ng'ona, mvuu imatuluka usiku kukadya ndipo bwato likadutsa pakati pa iyo ndi mwana wake zatha.

Anyamuka cha m'ma 5. Mababu atsopano akuwala bwino, amalume akondwa.

Lachinayi

Uthenga wa maliro. Bambo a mlamu wanga amwalira ku Ekwendeni, kuika ndi Loweruka mmawa, ndipo achemwali anga ali okha kumeneko ndi ana. Ilala yopita kumpoto sifika pano nthawi yoti ndingakapezeke ku manda, nde ndayamba kufunsa za maboti a anthu wamba amene amawoloka kupita ku Nkhata Bay. Lilipo lina likunyamuka mawa, akuti 10 koloko mmawa.

Amalume sanasangalale nazo. Anati "mphwanga, 10 koloko ya boti la usipa ndi 3 koloko, ukalowa mdima pakati." Tinakambirana nthawi yaitali pakhonde, anandikumbutsa za anthu oposa 40 a ku Ethiopia amene anamira ku Karonga mu 2012 atapanikizana mu boti limodzi, anthu oterewa amawayendetsa dala usiku kuthawa apolisi, komanso za ngozi ya ku Mlowe ku Rumphi mu 2017 ya anthu ochokera ku mapemphero a Pasaka. Mfundo yawo inali yoti pafupifupi nkhani zonsezi mukazifukula mupeza katundu kapena anthu opitirira muyezo, nyanja imangomalizitsa. Koma nawonso akudziwa kuti maliro sadikira sitima. Mapeto ake analowa mnyumba nkutulutsa laifi jaketi imodzi yakale ya olenji yomwe inapachikidwa kuseri kwa chitseko, anati uvale usanakwere osati ukaona zavuta.

Lachisanu (ndikulemba Loweruka mmamawa, dzulo sizikanatheka)

Amalume analosera ndendende. 10 koloko inakwana boti lili pamchenga, akudikira matumba a usipa wouma a azimayi a geni, kenako akudikira petulo, kenako mwini boti akuti anthu achepa sangabweze mafuta. Tinanyamuka 3 itadutsa. Nditadandaula kaputeni anandiyankha modekha kuti "achimwene musathamange, masana mwera umakhala wolusa, madzulo umagona, mukufuna tikumane nawo uli mmaso?" Ndipo apa mpamene pali msampha wonse wa nyengo ino, masana kuli mphepo, usiku kuli mdima, munthu amangosankha choti chimuopseze.

Botilo ndi la matabwa, injini imodzi kumbuyo, lona pamwamba. Matumba anawasanja pakati mpaka kufika mchiuno, ife tinakhala mmbali ndi pamwamba pa matumbawo, ndipo nditatsitsa dzanja kunja zala zimakhudza madzi osawerama nkomwe. Ma laifi jaketi analimo ochepa, ena anthu anawakhalira kuti matako asapweteke, ine ndi yanga ya olenji ndinasekedwa, mnyamata wina anati "biggy mwavala ya ku Vipya." Tinaima pa Chizumulu kutenga anthu ena ndi matumba enanso, pochoka pamenepo dzuwa linali litafiira kale pamwamba pa mapiri a kutsidya. Kuchoka ku Likoma kufika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 70, gawo lalikulu linali likadali kutsogolo, ndipo ndi madzi akuya, chakumpoto kwake nyanjayi imafika mamita 700 kupita pansi.

Mphepo sinagone. Inachepako pang'ono dzuwa likulowa kenako inabwerera. Popeza timalowera kumadzulo mafunde amatimenya kumanzere, ndipo kukadali kowala ndimamuona kaputeni akuchita ntchito yake, amaliyang'ana funde lalikulu likubwera, amachepetsa moto, amakhotetsa boti pang'ono kuti likwere mopendekera, likadutsa nkubwezanso. Mdima utagwa zonsezi amachita ndi makutu. Anthu anayatsa matochi a mafoni, iye anakalipa kuti zimitsani nonse mukundichititsa khungu, ndipo zoona, titazimitsa patapita kanthawi maso anayamba kuzolowera, thovu la mafunde limaoneka mwa apo ndi apo. Boti lathu linalibe nyali ina iliyonse yoti wina atione. Kampasi munalibe, amatsata nyenyezi ndi kumene mphepo ikumumenya pankhope. Netiweki inali itathawa kalekale.

Pafupi ndi mapazi anga panali kamnyamata ka zaka mwina 15, ntchito yake kukapa madzi ndi chigubu cha mafuta ophikira chodula pakamwa. Kamakapa, kutaya, kukapa, kutaya, osadzutsa mutu, funde likalowa kamangopukuta kumaso ndi phewa nkupitiriza. Ndinayamba kuyeza ngozi ndi kameneka, kakamakapa pang'onopang'ono ndimadziwa kuti tili bwino, kakafulumiza mtima umakwera.

Cha m'ma 8 injini inangoti khuu nkuzima. Chete amene anabwera pamenepo sindidzamuiwala, kenako boti linatembenuka lokha nkupereka nthiti yonse ku mafunde, ndipo linayamba kutipeta ngati mphale mu lichero. Funde loyamba linalowa lonse, lachiwiri linanyowetsa matumba, azimayi anayamba kulira ndi kupemphera, bambo wina anaimirira ndipo kaputeni anamutukwana kuti khalani pansi mutipha. Chingwe cha ukonde wotayika chinali chitakulunga pulopela. Anapendeketsa injini mmwamba, wothandizira wake anagona chafufumimba kumbuyo theka la thupi lili kunja, wina atamugwira miyendo, mpeni mmanja, ndipo apa ndiye anapempha tochi imodzi yokha. Ndinaunikira ndine. Ndimaona chingwe cha buluu chitalowa mpaka mkati, dzanja lake likunjenjemera ndi kuzizira, funde likabwera mutu wake wonse umamira nkutulukanso akulavula madzi, mpeni osautaya.

Madzi mkati anafika mu akakolo, kamnyamata kaja sikamakwanitsanso, amuna awiri anayamba kuthandiza ndi poto ndi beseni la mayi wina. Kaputeni analamula kuti matumba a pamwamba aponyedwe. Anaponya atatu. Mwini wake wa awiri mwa matumbawo anakuwa kuti mpamba wanga, mpamba wanga, anachita kumugwira. Chingwe chitachoka injini inakana kawiri katatu, anatsegula nkupukuta pulagi ndi malaya, kukoka kwina inalira. Palibe anaombera mmanja, aliyense anangokhala chete kumvetsera ngati izimenso.

Mmaganizo mwanga nthawi yonseyo munali funso limodzi, kuti tikanagubuduzika akanadziwa ndani. Palibe analemba maina athu pokwera, palibe foni ikanatuluka, palibe nyali yoti asodzi aione, ndipo olo uthenga ukanafika kumtunda ndani akanatuluka ndi boti usiku wa mwera kukafuna mitu ya anthu pa madzi akuda. Masana boti logubuduzika limaoneka patali ndipo anzako amabwera. Usiku kusaka kumayamba mawa.

Kenako kutsogolo kunaoneka kagetsi kofiira ka pa nsanja ya mafoni pamwamba pa phiri, kaputeni analunjika komweko. Tisanafike tinadutsa pakati pa a kauni, apa anachepetsa moto kwambiri ndipo wothandizira uja anakhala kumphuno akukuwa kuti tione mabwato, ena timawazindikira atatsala pang'ono kugundidwa, munthu ali phee ndi nkhafi yake mumdima akutitukwana mu Chitonga. Tinaponda mchenga wa Nkhata Bay 11 itadutsa, zovala zonse zili chonyowa, mano akugundana.

Loweruka, Nkhata Bay

Ndadzuka 5 koloko kuti ndipeze minibasi yoyamba ya ku Mzuzu. Ndatumiza uthenga kwa amalume kuti ndafika, ayankha kuti jekete ndidzawatumizire pa Ilala ya Lolemba, za moyo wanga sanafunse kkkk.

Podutsa pagombe ndapeza mlandu uli mkati. Mayi wa matumba awiri uja anagona pomwepo pafupi ndi katundu wake wotsala, ndipo akufuna amulipire. Akuti analipira mtengo wa thumba lililonse kuti lifike ku Nkhata Bay osati pakati pa nyanja, ndipo ndalama yogulira usipawo ndi ngongole ya ku banki mkhonde, Lachitatu akuyenera kukabweza. Kaputeni akuti "mayi, mukanakonda ndiponye inuyo?" ndipo anthu ena akumuvomereza. Koma mayiyo sakugonja, akuti amene anadzadzitsa boti ndani, amene anawonjezera matumba pa Chizumulu madzi ali kale pakamwa ndani, ndipo nchifukwa chani anaponya ake osati a mwini boti omwe anali pansi. Pamenepo kaputeni alibe yankho, akungoti dikirani abwana. Ine ndikuona kuti mayiyo akunena zoona, koma ndikudziwanso kuti dzulo lomwelo pa Chizumulu tonse tinaona matumba akukwezedwa ndipo panalibe anatsika.

Tinasonkherana pang'ono amene tinalipo, sizinafike olo theka la thumba limodzi. Mmene minibasi imadzadza mayiyo anali atakhala pa injini ya botilo, akuti siichoka pamenepo mpaka mwini wake abwere, ndipo mnyamata wina anali atatumidwa kukaitana apolisi.